Lole Yokokera Kumanzere

Ng'ombe zinatulukira m'tchire lole ili pakati pa mtsetse wolowera ku Nathenje, ndipo Pitala anaponda mabuleki monga akadachitira dalaivala wina aliyense. Lole sinamvere. Inapotoza mutu kumanzere, chiwongolero chinapulumuka m'manja mwake, ndipo gudumu lakutsogolo linakalowa m'ngalande. Mayi wina amene ankayenda m'mbali mwa msewu atasenza miphika yamalonda anataya dengu n'kulumphira m'udzu. Iye anapulumuka, koma miphika yonse inasanduka mapale.

Fumbi litatsika, anthu atatu amene anakhala kutsogolo anayang'anana. Che Fadili, mwini wake wa lole, anali atagunda chipumi pagalasi, kofia yawo ili pansi kumapazi. Sele, mphwawo, anaitola kofiayo, anaisasa fumbi mosamala ngati kuti anabadwira ntchito imeneyo, n'kuipereka ndi manja awiri. Pitala anaziona zonsezo ndipo zinamuwawa kuposa bondo lake limene linagunda chitsulo.

Mayi wa miphika uja ananena zonse zakukhosi kwake. Anafunsa ngati msewu wa boma wachepa, anafunsa ngati dalaivala analawirira kachasu m'mamawa, mpaka anatchula amake a Pitala amene sanawaonepo chibadwire. Che Fadili anamupepesa ndi mawu ofewa, anamulonjeza nsalu ya m'sitolo mwawo ku Mitundu, koma potembenukira kwa dalaivala kufewa konse kunali kutatha.

"A Pitala, aka si koyamba," anatero. "Msika wa fodya uli pafupi kutsegulidwa, ndipo ine ndinalonjeza alimi kuti ndiwanyamulira fodya wawo. Pofika tsiku limenelo, loleyi izikhala ikuima mowongoka ngati galimoto za anthu. Ikapanda kutero, kiyi mupatse Sele."

Sele anayang'ana kumapiri ngati nkhaniyo ndi ya anthu ena. Munthuyu anatenga layisensi ku Lilongwe chaka chathacho, ndipo chitengereni ankayenda nayo m'thumba la malaya ngati chithumwa, kudikira tsiku longa limeneli.

Pitala anali mkamwini. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje wa Diamphwe, koma ankakhala kwa mkazi wake Zipora, m'mudzi wa kuseri kwa msika wa Mitundu. Akamwini anzake m'mudzimo ankalawirira kumunda kwa apongozi, ankatumidwa ndi alamu awo ngati ana, ndipo pamilandu ankakhala kumbuyo pakamwa pali chete. Iye yekha ndiye analibe matuza a khasu m'manja, chifukwa cha udalaivala umene anauphunzira ku usilikali nthawi ya nkhondo. Popeza kuseri kwa sitolo ya Che Fadili kunali kothina, lole inkagona kumudzi, pabwalo la apongozi ake, pafupi ndi ngolo yawo. Ikamalowa madzulo ana ankaithamangira, ndipo alamu ake omwe ankayamba ndi iwo kupereka moni. Popanda kiyi ameneyo Pitala akadakhala mkamwini ngati ena onse, ndipo ankadziwa bwino kuti alamuwo khasu lake anali atamusungira kale.

Choncho anagwa nayo lole ija. Popeza inkakokera kumanzere, iye anati matenda ali kumanzere komweko, ndipo ndani akadamutsutsa? Anaika jeke, anachotsa gudumu lakumanzere, anatsegula dilamu, chitsulo chozungulira chija chimene mabuleki amagwira m'kati mwake. Zonse zinali zouma, zopanda chilema. Anabwezera akung'ung'udza. Tsiku lina anasinthanitsa matayala, lakumanja kupita kumanzere. Tsiku linanso anapopa mpweya mpaka mapewa kuwawa. Anakhetsa mafuta a mabuleki kuti mpweya utuluke m'mapaipi, Zipora atakhala pampando wa dalaivala akuponda ndi phazi lopanda nsapato, uku akufa ndi phwete. Pitala sankaseka nawo. Lole inkakokerabe kumanzere, ndipo m'malo mochepa kukokerako kunkangowonjezeka.

Pomaliza anamasulako mabuleki akumanzere kuti asamagwire msanga. Apo ndiye lole inaleka kukokera, koma inalekanso kuima. Anakaimira pachulu kuseri kwa tchalitchi, amayi a kwaya akuonerera.

Madzulo a tsikulo Pitala analankhula mokweza pabwalo, chinthu chimene mkamwini sachita. Anati pali munthu amene akuichita chipongwe loleyo, kaya ndi manja kaya ndi mankhwala, ndipo tsiku limene adzamugwire adzadziwa kuti anthu ena anapita ku nkhondo. Apongozi ake aamuna, a Gilibati, anali chapatali akukonza goli la ng'ombe zawo. Anali munthu wamfupi, wachete, nawonso mkamwini m'mudzi womwewo kuyambira kalekale, mpaka mutu kuchita mbuu asanafunsidwepo maganizo pankhani iliyonse. Iwo ndi Pitala ankangopatsana moni atayang'ana pansi, monga mwambo umafunira, aliyense n'kulowera kwake. Tsiku limeneli anagwedeza mutu n'kunena chapansipansi kuti anthu ndi oipa, chinthu chabwino sichisowa ochichitira nsanje.

Paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Wachiwiri amene Pitala anali naye anali Efulemu, msuweni wake, makaniko amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu waukulu ku Nathenje. Ntchito ankaidziwa, anaiphunzira kunja kwa dziko, mumzinda wa Sozibele, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Pitala anazengereza mpaka nzeru zonse zitamuthera. Kenako anauyamba ulendo, akuyendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula maliro.

"Wafika msilikali wogonjetsa miphika," anatero Efulemu asanapereke n'komwe moni. "Ndamva kuti sunasiyeko ngakhale umodzi wamoyo."

Pachisuweni munthu sakwiya, ndiye Pitala anameza malovu n'kufotokoza zonse zimene anachita. Atafika pa kumasula mabuleki akumanzere, Efulemu anakhala pansi pafumbi kuti aseke bwino. Atatha kuseka anamuuza kuti amangenso zimene anamasulazo, zibwerere mmene zinalili. Kenako anamutuma kuti akathamangitse lole pamalo a fumbi lambiri ndi kuponda mabuleki mwamphamvu. Lole inapotoza mutu monga mwa masiku onse. Awiriwo anatsika n'kuyenda chammbuyo akuyang'ana pansi. Gudumu lakumanzere linali litakhukhuluza dothi ngati khasu. Lakumanja linasiya mapazi a tayala ooneka bwinobwino, ngati kuti palibe amene analiuza kuti liime.

Efulemu anakwera nawo, anatsika mtsetse wina mabuleki ali chigwirire, ndipo ataima anamuuza Pitala kuti alavulire padilamu lakumanzere. Malovu anathetheka nthawi yomweyo. Anamuuza kuti alavulirenso kumanja. Malovu anangoyenderera, ndipo Pitala ataika dzanja anapeza chitsulocho chili chofunda pang'ono chabe.

"Ng'ombe ziwiri zikutsitsa ngolo pamtsetse," anatero Efulemu. "Ina yalimbitsa miyendo, ina ikungoyenda. Ngolo ikhotera kwa yolimbitsa miyendoyo. Iwe masiku onsewa wakhala ukukwapula ng'ombe yogwira ntchito, yaulesi ikudya msipu. Ku nkhondoko munkayendetsa chiyani, mawilibala?"

Pitala anachita manyazi osakaniza ndi mkwiyo, chifukwa zinali zoona. Gudumu lakumanja anali atalichotsapo posinthanitsa matayala, koma dilamu lake sanaliganizireko n'komwe. Atalitsegula, anapeza malayiningi, zikopa zolimba zija zimene zimakhuzana ndi dilamu, ali noninoni ndi mafuta, akuda bii, mpaka kudontha. Efulemu anayang'ana ngati gilisi wa m'gudumu akutayikira, koma ayi. Anafinya timphira ta mafuta a mabuleki, tinali touma. Anapaka chala m'mafutawo, ananunkhiza, kenako analawa ndi nsonga ya lilime.

"Awa si a mabuleki, ajatu amaboola mphuno. Izi ndi nsatsi, zophika m'mphika, ndi fungo la utsi lomwe. Msuweni, lole yakoyi ikudzola ngati namwali wopita ku chimtali."

Mmene nsatsi zinalowera m'menemo palibe anadziwa. Efulemu anati mwina mafutawo anatayikira kuchokera mu katundu wa anthu okwera, ngakhale iye mwini sanaoneke wokhulupirira. Anatsuka malayiningi ndi petulo, anawawamba pamakala mpaka mafuta onse atatuluka ngati thukuta, n'kuwapala ndi tupa. Pobwerera ku Mitundu Pitala ankaponda mabuleki paliponse, ngakhale popanda chifukwa, kungofuna kumva kukoma kwake. Lole inkaima mowongoka. Polowa pabwalo kumudzi gudumu lakumanja linalira kuti tswii, monga amalirira mabuleki ouma m'nyengo ya fumbi, ndipo kwa Pitala kulirako kunali ngati nyimbo. Madzulo amenewo anaseka ndi mwana wake Martina ndi ana ena, anamuyamikira Zipora ndiwo zimene masiku ena ankazidandaula.

M'mawa mwake ananyamuka ndi Sele kukatenga mchere ku Nathenje. Pa dambo loyamba lomwe, Pitala anaponda mabuleki kuti Sele aone yekha. Lole inapotoza mutu kumanzere.

Sele anangolimbitsa mapazi pansi, anagwira chitseko ndi manja awiri, n'kuyamba kuimba kanyimbo ka m'mphuno. Akadatukwana kukadakhala bwino. Kanyimbo kameneko kanamulowa Pitala m'mutu njira yonse mpaka ku Nathenje. Anamusiya Sele kusitolo ya mchere n'kupita kwa Efulemu.

Mafuta anali atabwereranso, atsopano, oyera. Ulendo uno Efulemu sanaseke. Analowa pansi pa lole n'kumuitana Pitala kuti aone kabowo ka kuseri kwa gudumu, kamene amalowetsapo chitsulo pomanga mabuleki. M'mphepete mwa kabowoko munali mafuta, ndipo pafumbi la pachitsulo panali zidindo za zala. Efulemu anati izi si za katundu wotayikira, awa ndi manja a munthu.

Pansi pa mtengowo panali anthu, ena odikira basi ya ku Dedza, ena okonzetsa njinga. Pitala sanawaone n'komwe. Anatuluka pansi pa lole nkhope ili gwaa, n'kufunsa mokweza kuti kodi iye akachotsedwa ntchito wopindula ndani. Anadziyankha yekha, ndipo dzina la Sele analitchula kangapo konse. Anati munthu amene angathire mafuta m'mabuleki ndi wakupha, mfiti yeniyeni yoyenda masana. Efulemu anamukoka malaya kuti atsitse mawu, koma maso ake ankawala ndi nkhaniyo. Kunena chinthu pamaso pa Efulemu kunali chimodzimodzi kuchilengeza pamsika.

Anatsukanso, anawambanso, anapalanso. Pobwerera lole inaima bwino paliponse. Polowa pabwalo gudumu lija linaliranso.

Kum'mawa kutangoyamba kufiira Pitala anali atakhala kale kuseri kwa nkhokwe, chibonga chili pamiyendo. Anawerengera kuti kuchokera kwa Che Fadili kufika kumudziko munthu wa njinga sachedwa, ndipo Sele njinga anali nayo. Mame anamunyowetsa mapazi. Anakonza mawu onse amene akamuuze Sele, ena a Chichewa, ena a ku usilikali amene satchulidwa pamaso pa amayi.

Chitseko chimene chinatseguka chinali cha apongozi ake. A Gilibati anatuluka atafunda bulangete, botolo m'dzanja limodzi, kabango m'dzanja linalo. Anayamba ndi ngolo yawo. Anadonthezera mafuta pagudumu lina, analigwedeza, anapita kwa linalo. Atatha anayang'ana uku ndi uku, anawoloka bwalo mwakachetechete, n'kugwada movutikira pafupi ndi gudumu lakumanja la lole. Anafufuza kabowo kaja ndi zala, analowetsa kabango, n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono kuti lisatayike ngakhale dontho.

Pitala anaimirira osadziwa kuti waimirira. Chibonga chinagwera m'udzu. Anatsokomola, chifukwa china choti achite panalibe.

A Gilibati anadzidzimuka, kenako anamwetulira mwamanyazi, manyazi a munthu amene wapezeka akuchita chabwino mobisa. Anatembenuzira nkhope kumbali monga mwa ulemu, ndipo analankhula mawu ambiri kuposa onse amene anamuuzapo Pitala chikwatire mwana wawo.

"Mwandipeza, apongozi. Sindimafuna kuti mudziwe. Gudumu ili lakhala likulira mukamaima, ndiye ine limandimvetsa chisoni. Ngolo yanga ikalira choncho ndimadziwa kuti chitsulo chikudya chinzake. Ndidati mwanayu ali pamavuto, ine nzeru za galimoto ndilibe, koma nsatsi zokha m'nyumba muno sizisowa. Likatonthola ndimaleka. Masiku awa layambanso, ndiye ndawonjezako pang'ono."

Mawu onse amene Pitala anakonza analibenso ntchito. Anafuna kukuwa kuti mabuleki si gudumu la ngolo, kuti mafuta amenewo akadapha mayi wa miphika, kuti chifukwa cha botolo limenelo iye wagona pansi pa lole masiku onsewa ngati galu. Koma amene anagwada pamenepo anali apongozi, mawondo ali m'mame, manja ali noninoni. Mkamwini angayambire pati? Anamva pakamwa pake pakunena kuti zikomo, mwathandiza.

"Musathokoze," anatero a Gilibati akutseka botolo ndi chitsononkho. "Ife obwera m'mudzi muno tiyenera kugwirana manja. Ndipo amene akukuchitani chipongweyo, Mulungu amuona."

Mkwiyo wonse unakatsikira kwa Zipora, amene anamupeza akusonkha moto. Pitala analankhula monong'ona koma mitsempha ya m'khosi ili panja. Zipora anayamba kuseka, anagwira pakamwa, ndipo kusekako kunatha mwadzidzidzi atazindikira kumene nkhaniyo ingafike. Anati botolo alibisa yekha, ndipo adzawauza amayi ake kuti awauze bambo mwaulemu kuti mwini lole safuna mafuta ena koma a kusitolo. Zonsezo zinali zosavuta.

"Koma dzina la bambo lisatuluke," anatero atamugwira mkono. "M'mudzi muno amawaseka kale popanda chifukwa. Amalume akamva izi sadzawasiya mpaka kumanda. Nenani china chilichonse, bambo a Martina, koma osati bambo."

Pitala analonjeza. Analonjeza ndi mtima wonse, chifukwa nayenso chisoni chinali chitayamba kulowa pamene panali mkwiyo. Anachotsa gudumu, anatsuka, anawamba malayiningi pamoto wa Zipora womwewo, popeza tsopano ntchitoyo anali ataizolowera. Ponyamuka dzuwa linali litakwera, ndipo mumtima ankati nkhani yatha.

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Linali tsiku la msika ku Mitundu, ndipo pakhonde la sitolo panali podzaza. Telala anali pamakina ake, alimi anabwera kudzafunsa za ulendo wa fodya, amayi ankasankha nsalu. Che Fadili anakhala pampando pakhomo, zimene sankachita nthawi ya malonda, ndipo Sele anaima pambali pawo atapinda manja. Mawu a pansi pa mtengo ku Nathenje anali atafika kale, ndipo panjira anali atanenepa.

"A Pitala, ndamva kuti mukuti mphwanga amathira mafuta m'mabuleki kuti aphe anthu," anatero Che Fadili mosakweza mawu. "Mawu amenewo ndi olemera. Lole imagona kwanu, sigona kwa Sele. Ngati wothirayo mukumudziwa, mutchuleni pompano, dzina la mwanayu liyere. Ngati simukumudziwa, ndiye kuti lole yanga ilibe woisunga. Ikani kiyi apa."

Pitala anayesa njira zonse. Anati lole yachira, akwere aone okha. Che Fadili anati inachiranso dzana. Anapepesa kwa Sele pamaso pa anthu, anati unali mkwiyo chabe. Sele anati kupepesa sikuchotsa dzina la ufiti, anthu azingoti anakambirana kuseri. Pitala anati mwina ndi ana osewera. Che Fadili anafunsa kuti ana ake a yani, amene amadziwa kabowo ka kuseri kwa gudumu, amene amabwera kawirikawiri ndi mafuta a nsatsi osatopa. Makina a telala anali ataima. Aliyense pakhondepo ankamvetsera, ngakhale amene ankanamizira kuyeza nsalu.

Kenako Sele anatambasula dzanja. Anangolitambasula, chikhatho chili m'mwamba. Pitala analiyang'ana dzanjalo ndipo anaona zonse nthawi imodzi. Anadziona akubwerera kumudzi wapansi dzuwa lili pamutu, alamu ake atakhala pabwalo, ndipo m'mawa mwake wina akugogoda pachitseko kuti kwacha, tiyeni kumunda. Kiyi anali m'dzanja lake, atanyowa ndi thukuta. Anamukumbukira Zipora, inde anamukumbukira, koma mantha anakula kuposa lonjezo.

"Ndi apongozi anga," anatero. "A Gilibati. Amati akundithandiza. Gudumu limalira, ndiye ankalithira mafuta ngati la ngolo."

Anayamba kuseka ndi telala, amene anagwetsa mutu pamakina mapewa akugwedezeka. Kenako khonde lonse linaphulika. Alimi ankamenyana pamapewa, amayi ankapukuta misozi ndi nsonga za nsalu zosagula, ndipo Che Fadili omwe anaseka mpaka kutsokomola. Atapeza mpweya anati Pitala asunge kiyi wakeyo, mlandu palibe, koma kuyambira lero lole izigona kusitolo ngakhale kutafunika kugwetsa mpanda. Sele anabweza dzanja lake m'thumba. Iye yekha ndi Pitala ndiwo sanaseke.

Dzuwa lisanapendeke nkhaniyo inali itazungulira msika wonse, kwa ogulitsa nsomba zouma, kwa osula makasu, mpaka kumowa. Wina anawapatsa a Gilibati dzina loti Makaniko wa Nsatsi, ndipo linagwira ngati ulimbo. Pitala anabwerera kumudzi wapansi madzulo amenewo, koma dzinalo linali litafika iye asanafike. Alamu ake anamulandira ndi chimwemwe chimene sanachifune, akumupempha kuti afotokozenso mmene anawapezera. Zipora anamuikira madzi osamba, anamuikira chakudya, anachotsa mbale, zonse popanda liwu limodzi. Pitala anayesa kufotokoza za dzanja la Sele. Zipora anangoti wamva, n'kutuluka. Madzi akatayika saoleka, ndipo chitseko cha a Gilibati chinakhala chotseka masiku otsatirawo, ng'ombe zawo akutulutsa ndi anthu ena.

Tsiku lotsegulira msika wa fodya lole inadzaza mpaka pamwamba, alimi atakhala pamitolo yawo. Pitala anali atakwera kale pampando pamene anaona anthu pakhonde akugwirana zigongono. A Gilibati ankabwera pakati pa msewu atavala jekete lawo la kutchalitchi, akukoka mbuzi pachingwe. Anafika pamaso pa Che Fadili, munthu amene akadatha kukhala mwana wawo, anavula chipewa n'kunjuta pansi pafumbi. Anati anamva kuti anawononga galimoto ya eni ake ndi kuika miyoyo ya anthu pangozi, ndipo umbuli si chifukwa chokanira mlandu. Che Fadili anachita manyazi, anati nkhaniyo inatha kale ndipo mbuzi abwerere nayo. A Gilibati anamasula chingwe m'khosi mwa mbuzi n'kuipereka m'manja mwa Sele. Pamwamba pa lole wina anatsanzira kulira kwa gudumu, ena n'kuseka mobisa.

A Gilibati atadzuka anabwera kuwindo la dalaivala. Ulendo uno sanatembenuzire nkhope kumbali. Anamuyang'ana Pitala m'maso, monga munthu amayang'anira mlendo.

"Pepani, a dalaivala," anatero. "Galimoto yanu sindidzaikhudzanso."

Pitala anagwira chitseko kuti atsike, koma sanadziwe kuti akatsika anena chiyani, ndipo pamwamba alimi anali atayamba kumenya denga kuti dzuwa likukwera, malo abwino pamzere atha. Che Fadili anakweza dzanja kuti azipita. Pitala analiza injini.

Anawapeza apongozi ake chapatsogolo pang'ono, akuyenda okha kulowera kumudzi, chingwe chopanda mbuzi chikulendewera m'dzanja. Atamva lole kumbuyo kwawo, a Gilibati anapatuka n'kuima m'udzu, chipewa chili pachifuwa, kudikira kuti galimoto ya eni ake idutse. Fumbi linawakuta, ndipo Pitala anasintha giya n'kupitirira.